Gulitsani Kaye, Ofesi Ibwera Pambuyo

Anzanga a mu Lusaka, tiyeni tiuzane zoona. Nzeru tili nazo. Mphamvu tili nazo. Foni ili m'manja, Airtel Money ndi MoMo zili momwemo. Nanga bwanji mabizinesi athu ambiri amafa asanayambe n'kuyenda komwe?

Tisanamizire ZESCO yokha. Inde, mu 2024 madzi atatsika ku Kariba magetsi ankathima pafupifupi tsiku lonse, ndipo ometa ndi owotcherera zitsulo analira. Koma mabizinesi ena anafa magetsi akuyaka.

Timathamangira kuoneka. Logo yonyezimira, ofesi ku Kabulonga kapena ku Woodlands, lendi yolipiriratu, kasitomala palibe ndi mmodzi yemwe. Gulitsani kaye! Gulitsani pa WhatsApp. Gulitsani pakhonde ku Chelstone. Gulitsani kwa amayi a kutchalitchi ku Kabwata. Munthu akapisa m'thumba n'kutulutsa kwacha yake, mwapeza chinthu. Akangoti "n'chabwino ichi" n'kumapita, simunapeze kanthu. Ma like a pa Facebook salipira lendi.

Taonani a Monica Musonda. Loya, anagwira ntchito ku kampani ya Dangote ku Nigeria, anabwerera kwathu n'kuyambitsa Java Foods mu 2012. Anayamba ndi chinthu chimodzi, eeZee noodles, chakudya chotsika mtengo choti munthu agule pa kantemba. Chimodzi! Ife timafuna nkhuku, salaula, makeke ndi galimoto ya pa Yango, zonse mwezi umodzi, mpamba uli womwewo. Sankhani chimodzi. Chidziweni mpaka pansi.

Koma bala lenileni lili pa ndalama. Mwagulitsa m'mawa, masana mwaguliramo ndiwo, madzulo msuweni waimba kuti fizi yavuta. Kuthandiza abale palibe akukana, ndi mmene tinaleredwera. Koma dzilipireni salale, ngakhale yochepa, ndipo thandizo lizichoka pa salaleyo. Bizinesi ikhale ndi nambala yakeyake ya foni. Ikhale ndi buku. Lembani zolowa. Lembani zotuluka. Lembani ndi uja anatenga katundu n'kunena kuti alipira kumapeto kwa mwezi, chifukwa mwezi wakewo sutha. Nkongole zikachuluka mpamba umauma, munthu amathamangira kaloba, ndipo kuyambira pamenepo amagwirira ntchito mwini kaloba.

Enanso akhala pansi kudikira. Ndalama za CDF zinakwera kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitityuwensi iliyonse mu 2022, ndipo kufunsira si kulakwa. Funsirani! Koma fomu ikakhala ku ofesi, inu khalani pamsika. Chilimba chilipo. Soweto ndi Kamwala sizitseka chifukwa choti inu mukudikira yankho.

Mapepala nawo tisawaope. Lembetsani dzina ku PACRA, tengani TPIN ku ZRA. Tsiku lina kampani yaikulu idzafuna invoyisi, ndipo oda idzapita kwa mnzanu amene anakonzeka. Tisabisenso maganizo poopa kuberedwa. BongoHive yakhala ikusonkhanitsa oyamba mabizinesi mumzinda muno kuyambira 2011. Pitani, kambani, lolani akufunseni mafunso owawa.

Mawa, musanakwere basi ya kutauni, imbirani anthu atatu amene anagula kamodzi osabweranso. Afunseni chinavuta n'chiyani. Musadziteteze. Mverani, lembani, kakonzeni sabata yomweyi.