Nkhanga zinapangana kusanapse

Akuluakulu anati nkhanga zinapangana kusanapse, ndipo nzeru yake ndi yakuti njira yothawira iyenera kudziwika moto usanabuke. Kuunika chiopsezo cha moto m'nyumba ndi pangano lotero. Kumayamba ndi munthu woyenda chipinda ndi chipinda kuona mawaya a magetsi, mbaula, katundu wosachedwa kuyaka ndiponso ngati zitseko zikutseguka. Nyumba ikakhala yosanjikizana kapena yogona anthu ambiri, maso okha sakwanira. Akatswiri amawerengera kuti utsi udzadzaza njira zotulukira m'mphindi zingati, n'kuyerekeza ndi nthawi imene munthu womaliza angatulukire.

Pa 31 Ogasiti 2023, nyumba ya Usindiso ku Johannesburg inapsa ndipo anthu 76 anafa, ena mwa iwo Amalawi. Wina anganene kuti motowo unachita kuyatsidwa ndi munthu, choncho kuunika sikukanathandiza. Komatu kuunika kumafunsanso kuti moto ukayamba ufalikira bwanji ndipo anthu atulukira kuti. M'nyumbamo munali zisakasa zamatabwa ndipo njira zothawira zinali zotchingidwa, zinthu zimene aliyense akanaziona popanda chipangizo chilichonse. Ena amadandaula za ndalama, ndipo n'zoona kuti akatswiri amadula, koma kuunika koyamba kuja kumangofuna maso ndi nthawi. Choopsa kwambiri ndi kuona vuto n'kulisiya: komiti ya Jaji Sisi Khampepe, imene inafufuza za moto wa ku Usindiso, inapeza kuti khonsolo ya mzindawo inkadziwa za vutoli kwa zaka zingapo. Inu oyang'anira nyumba zogona ana asukulu, misika ndi zipatala, yenderani makomo anu mwezi uno.