Za Utsi wa Galimoto ndi Lamulo Lacisanu

Akristu ambiri akamva Lamulo Lacisanu la Mulungu amaganiza za mpeni, nkhwangwa kapena mankhwala akupha, ndipo poona kuti m'manja mwao mulibe mwazi, amalilumpha msanga podzifunsa macimo ao. Koma Eklezia Woyera aphunzitsa kuti lamuloli liletsanso kuononga thanzi la munthu wina, kungakhale pang'ono pang'ono, angakhale munthuyo ndi wosadziwika dzina. Apa ndipo palowera mlandu wa utsi wa galimoto.

M'caka ca 1921 Thomas Midgley, wa nchito wa kampani ya General Motors ku America, anapeza kuti mankhwala a mtobvu akathiridwa m'petulo aletsa injini kugogoda. Petulo wotere anayamba kugulitsidwa mu 1923. Caka cotsatira anthu asanu a nchito pa fakitale yopanga mankhwalawo ku Bayway, New Jersey, anazungulira mitu nafa. Cenjezo linamveka ndithu, koma phindu linali lalikulu, ndipo malonda anapitirira. Mtobvu unatuluka pamodzi ndi utsi, nugwera m'fumbi la m'miseu, nulowa m'mwazi wa ana, m'mene uononga bongo ndi kucepetsa nzeru moyo wonse. Panalibe mai amene akadatha kuloza galimoto imene inalanda mwana wake nzeru, cifukwa yonse inaponyapo pang'ono pake. Maiko a Africa a kumwera kwa Sahara analeka petulo wa mtobvu poyamba pa 2006, ndipo Algeria, dziko lotsiriza, linaleka mu 2021.

Mtobvu unatha, koma utsi ulipobe. Mu utsimo muli mpweya wochedwa carbon monoxide, wosaoneka ndi wosanunkha, umene ukalowa m'mwazi upitikitsa mpweya wabwino. Ndiwo umene upha banja lonse m'tulo pamene jenereta yayatsidwa m'nyumba yotseka. Mu 2012 akatswiri a bungwe la World Health Organization anatsimikiza kuti utsi wa dizilo ucititsa khansa ya m'mapapo.

Tsono paipi yotulutsa utsi siloza mwini galimoto ai. Iloza kumbuyo, kwa mai wogulitsa tomato m'mbali mwa mseu, kwa mnyamata wopalasa njinga pa citunda, kwa kamwana kamene mphuno yake ilingana ndi paipiyo. Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si' ya 2015, anakumbutsa dziko kuti mpweya woipa uyamba kudwalitsa amphawi.

Mwini galimoto sangawiringule kuti sadziwa, pakuti injini iulula yokha nthenda yake. Utsi wakuda utanthauza kuti mafuta sakupsa onse, kawirikawiri cifukwa sefa ya mpweya yatsekeka kapena manozo atha. Utsi wobiriwira utanthauza kuti injini ikuocha oilo. Zonsezi makaniko akonza. Ndipo kuyambira 1975 magalimoto ambiri a petulo a ku America, pambuyo pake a maiko enanso, anaikidwa cida m'paipi muja cosandutsa mipweya yoipa kuti icepe ululu. Popeza m'kati mwake muli tizitsulo ta mtengo wapatali monga platinum, ena amacicotsa nakagulitsa. Wotere wagulitsa cinthu cosakhala cake, ndico thanzi la oyenda pansi.

Zoonadi, kulemera kwa chimo kulingana ndi cimene munthu adziwa ndi cimene angathe. Mmphawi wokhala ndi kanjinga kamodzi kamoto, amene lero alibe ndalama yokonzetsera, sali m'mlandu umodzi ndi mwini maminibasi asanu amene akana kugula sefa. Koma kuzimitsa injini podikira anthu pa siteji sikulira ndalama, ndipo kupulumutsanso mafuta.

Aphunzitsi pokonzekeretsa akulu ku Sakramenti la Kulapa aonjezepo funso ili kwa eni ndi oyendetsa magalimoto. Ndipo lole ya pa mishoni, imene idutsa pakati pa ana a sukulu m'mawa ndi madzulo, iyambe ndiyo kupita kwa makaniko.