Moto wa Mapesi ndi Moto wa Chikuni

Aliyense amene anakulira kumudzi amaudziwa moto wa mapesi. Ukangouyatsa umalilima nthawi yomweyo, malawi ake kufika m'mwamba, koma madzi a nsima asanafunde n'komwe umapeza patsala phulusa lokhalokha. Chikuni cha tsanya kapena cha muwanga chimavuta kuyaka, utsi wake umakuliza misozi, koma chikagwira moto chimagona nawo mpaka m'mawa, ndipo anansi amabwera kudzapala. Funso limene ndikufuna tilingalire limodzi m'chimangirizo chino ndi ili: n'chifukwa chiyani ambiri tikafuna kusintha moyo wathu timathera pa moto wa mapesi, pamene ena amasintha kamodzi n'kusinthiratu?

Usiku wa pa 31 Disembala matchalitchi amadzaza. Wina amalumbira kuti mowa wausiya, wina fodya, wina akuti kwa akatapila sadzapondakonso. Pofika mwezi wa Febuluwale, ufa utakwera mtengo ndipo ana akufuna fizi, malumbiro aja amakhala ataiwalika. Paja akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Anthuwa sanali kunama ayi. Pa nthawi imene ankalumbira ankanenadi zochokera pansi pa mtima. Vuto lagona pa chimene chinawakankha. Kawirikawiri chimakhala chimodzi mwa zitatu izi: mantha, manyazi, kapena kutengeka ndi gulu. Mantha amatha ululu ukaleka, manyazi amatha okuyang'ana akachoka, ndipo gulu limabalalika kukacha. Zonsezi ndi mapesi.

Ndagwira ntchito m'boma zaka zoposa makumi awiri, ndipo zomwezi ndaziona m'maofesi. Ikabwera kalata yochenjeza anthu ochedwa, kwa masabata awiri aliyense amakhala ali pampando nthawi isanakwane. Sabata yachitatu pampando pamatsala jekete, mwini wake ali kutauni. Ngakhale ngati dziko, timadziwa kulemba zolinga zokoma. M'chaka cha 1998 tinakhazikitsa Vision 2020, ndipo mu 2021 tinakhazikitsa Malawi 2063. Ndi mapepala abwino, koma pepala palokha silingadzutse munthu m'bandakucha. Taonaninso nkhani ya mitengo. Dzinja lililonse timadzala mbande pamwambo, alendo olemekezeka atagwada ndi khasu latsopano, ojambula zithunzi ali pompo. Pofika Okutobala zambiri mwa mbande zija zimakhala zitadyedwa ndi mbuzi kapena kupserera ndi moto wolusa. Koma mukamayenda pamsewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Kasungu kapena ku Mchinji, pakati pa minda yoyera mbee mumaona timagulu ta mitengo yachilengedwe yobiriwira. Amenewo ndi manda. Palibe mlonda wolipidwa kumeneko, komabe nkhwangwa sifikako wamba, chifukwa pansi pa mitengoyo pagona makolo athu. Mtengo umene uli ndi mwini wake sufa msanga.

Apa ndi pamene ndimasiyanitsa chikhumbo ndi cholinga. Chikhumbo chimati, "Ndikufuna chakuti." Cholinga chimayankha funso lina lovuta: "Ndikuchitira yani, ndipo chionongeke n'chiyani ndikapanda kuchita?" Pa ofesi ina imene ndinagwirapo ntchito panali mesenjala wodziwika ndi kachasu. Adokotala anamuchenjeza za chiwindi, abwana anamulembera makalata awiri, abusa anamupempherera. Ulendo uliwonse ankasiya mwezi umodzi n'kuyambiranso. Kenaka mkulu wake anamwalira, kusiya ana atatu amene analibe kwina kolowera koma kwa iye. Palibe anamulalikira pa nthawiyo, koma botolo analitaya, ndipo pamene ndinkachoka pa ofesiyo n'kuti patadutsa zaka zisanu ndi chimodzi asanalawe. Tsiku lina nditamufunsa chinsinsi chake anangoti, "Bwana, ndikaona botolo ndimaona makope a ana a achimwene. Ndingamwe bwanji makope?" Chiwindi chinali chake chomwe, koma sichinamusinthe. Anamusintha ndi ana a mwini.

Nzeru imeneyi anaifotokoza bwino Viktor Frankl, dokotala wa matenda a maganizo wa mumzinda wa Vienna. Pokhala Myuda, anamangidwa ndi chipani cha Nazi mu 1942, nadutsa m'ndende zingapo kuphatikizapo ya Auschwitz, mpaka pamene anamasulidwa mu 1945. Makolo ake, mchimwene wake ndi mkazi wake anafera m'ndendezo. M'buku limene analitulutsa mu 1946, lodziwika m'Chingerezi kuti Man's Search for Meaning, iye akufotokoza kuti akaidi amene ankadziwa kuti kunja kuli wina amene akuwadikira, kapena ntchito imene palibe wina angaimalize, ankapirira mumtima kuposa amene anaona kuti palibenso chowayembekezera. Cholinga sichinkawateteza ku mfuti kapena ku matenda. Ambiri okhala nacho anafa ndithu. Chimene chinkachita n'kuletsa munthu kufa mumtima thupi lisanafe.

Nanga cholingacho chimapezeka bwanji? Masiku ano kuli aphunzitsi ambiri amene amati khala pansi, tseka maso, ufufuze mumtima mwako. Ine ndikuona kuti chimapezeka kwambiri potsegula maso, ndipo chakudza sichiimba ng'oma. Malemu Inkosi Theresa Kachindamoto anagwira ntchito ya usekilitale pa koleji ina ku Zomba kwa zaka 27. Mu 2003 anaitanidwa kwawo ku Dedza kukalowa ufumu, udindo umene sanaupemphe. Atafika anapeza atsikana a zaka 12 atabereka ana kumbuyo, ali pabanja. Anthu ambirimbiri ankawaona atsikana omwewo tsiku ndi tsiku n'kumati ndi mwambo wathu. Iwo chinthucho chinawakanika kuchilambalala. Anasonkhanitsa mafumu awo aang'ono kuti asainire pangano lothetsa maukwati a ana, ndipo amene ankaphwanya panganolo ankawaimitsa paufumu. Pofika 2016 n'kuti atathetsa maukwati oposa 850 ndi kubwezera anawo kusukulu, ngakhale ena ankawaopseza. Dziko linakhazikitsa lamulo loti munthu asalowe m'banja asanakwanitse zaka 18 mu 2015, ndipo malamulo aakulu a dziko anasinthidwa mu 2017, koma mayiwa anali atayamba kale, ndipo anapitiriza mpaka imfa yawo mu 2025. Moto wotero sungakhale wa mapesi.

Si tonse tidzakhale mafumu, koma aliyense ali ndi chinthu chimene chimamukanika kuchilambalala. Changa ndinachipeza pakati pa mafayilo. Ndili ku gawo loona za anthu opuma pantchito, kunkabwera mphunzitsi wina wokalamba kuchokera kutali, atavala jekete yothetheka m'zigongono, kudzafunsa za ndalama zake. Ulendo wachitatu anandiuza kuti wagulitsa mbuzi yomaliza kuti apeze ya basi. Bamboyo anaphunzitsa ana zaka zoposa makumi atatu, ndipo kalankhulidwe kake kanandikumbutsa bambo anga. Kuyambira tsiku limenelo fayilo iliyonse imene ifika pa tebulo langa ndimaiona ngati munthu amene waima pakhomo chipewa chili m'manja. Malipiro sanakwere, bwana sanandiyamikire, koma chimene chimandidzutsa m'mawa ndimachidziwa, ndipo papita zaka khumi chisanazilale.

Wina anganene kuti nkhani ya cholinga ndi ya anthu okhuta, kuti wosauka amangofuna chakudya cha lero. Wonena zimenezi sanamuyang'anitsitse mayi amene amadzuka tambala woyamba asanalire kukazinga mandasi, chaka ndi chaka, kuti mwana wake afike Folomu 4. Mayiyo sanapiteko ku msonkhano wa kunyanja wophunzitsa kusintha kaganizidwe, koma mutamufunsa chimene akuvutikira angakuyankheni ndi dzina la mwanayo osaganiza kawiri. Amene timasowa yankho kawirikawiri ndi ife a mataye, amene mwezi ukatha malipiro amabwera, tagwira ntchito kapena ayi. Komabe ndivomereze kuti umphawi umatha kuthyola ngakhale munthu wa cholinga cholimba. Choncho tisamaweruze wogwa ngati kuti analibe chomwe ankakhalira moyo. Nthawi zina mtolo umangoposa khosi.

Funso lina ndi lolemera kuposa pamenepa. Kodi cholinga chilichonse n'chabwino malinga ngati chikumulimbitsa munthu? Anthu amene anaba ndalama za boma pa nkhani ya Cashgate, imene inaululika mu 2013, nawonso ankadzuka m'mawa, ankalimbikira, ndipo mwina ena ankati akuchitira ana awo. Moto wa chikuni umaphika nsima, koma umathanso kutentha nyumba. N'chifukwa chake sikokwanira kufunsa kuti ndikuchitira yani. Tiyeneranso kufunsa kuti akulipira ndani. Ngati ana anga akudya chifukwa mwana wa mnzanga wasowa mankhwala kuchipatala, chimene ndili nacho ndi dyera lovala malaya a chikondi. Makolo anatipatsa kale muyeso pamene anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Cholinga choyenera chimayambira pa nkhope imodzi imene timaikonda, koma chimatiphunzitsa kuona nkhope zina zonse, osati kuziponda.

Tisaganizenso kuti wopeza cholinga ndiye kuti ntchito yatha. Mesenjala uja ludzu silinamuthere tsiku limodzi. Anasintha njira yopitira kunyumba kuti asamadutse pa malo ogulitsira kachasu, ndipo malipiro akangotuluka ankayamba wapereka fizi asanaone anzake. Cholinga chimapereka chifukwa, koma chimafuna timachitidwe ting'onoting'ono ta tsiku ndi tsiku kuti chikhale ndi miyendo. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Kusiyana kwake n'kwakuti munthu wa cholinga akapunthwa amadzuka, popeza amene akumuchitira uja akadalipo, pamene wolumbira chifukwa cha mantha akapunthwa kamodzi amati basi zakanika.

Pomaliza, abale anga, ngati pali khalidwe limene mwalimbana nalo zaka zambiri osaphula kanthu, musafulumire kudzitcha ofooka. Mwina mwakhala mukusonkhezera mapesi. Musanalumbirenso, yang'anani pakhomo panu, kuntchito kwanu ndi m'mudzi mwanu, mudzifunse kuti ndani angavutike inu mukapitiriza momwe mulilimu, ndipo ndi chiyani chimene anzanu amachidutsa koma inu chimakusowetsani tulo. Yankho lake likhoza kukhala laling'ono: mwana mmodzi, munda umodzi, fayilo imodzi. Musalipeputse. Chikuni chimenecho chidzakulizani ndi utsi poyamba, koma mukachisonkhezera modekha chidzagona ndi moto, ndipo m'mawa ena adzabwera kudzapala kwa inu.