Kodi Buku Lotchuka Ndilo Buku Labwino?

Tsiku lina titaweruka ku madrasa, bambo wina wa ku Golomoti anatipeza tikupinda mikeka. Nkhope yake inali yolemera. Anatiuza kuti mwana wake wamkazi, yemwe ali folomu 2, sakugonanso nthawi yabwino. Akangotha kutsuka mbale amatenga foni ya mayi ake n'kuyamba kuwerenga nkhani yopeka yomwe imatuluka pang'onopang'ono pa Facebook, gawo limodzi usiku uliwonse. Bamboyo anafunsa kuti: “A Ustazi, zimene akuwerengazi si mabodza kodi? Ndimulande foniyo?”

Sitinamuyankhe tsiku lomwelo, chifukwa m'funso lakelo munali mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti kodi nkhani yopeka ndi bodza. Lachiwiri, lomwe ndi lovutirapo, ndi lakuti ngati si bodza, tidziwa bwanji nkhani yoyenera maola a mwana wathu, pamene zina zili pakamwa pa aliyense ndipo zina zikudyedwa ndi chiswe m'makatoni?

Tiyambe ndi loyambalo. Bodza limafuna munthu wonamizidwa. Wabodza amanena chimene akudziwa kuti sichoona, n'cholinga choti womvayo achitenge ngati choona. Agogo akakhala pamoto n'kunena kuti “padangotero”, ife n'kuyankha kuti “tili tonse”, pamakhala pangano: tonse tikudziwa kuti kalulu sanayankhulepo ndi njovu. Palibe wapusitsidwa. Akatswiri akale a Chisilamu ankalidziwa pangano limeneli. M'zaka za m'ma 700, Ibn al-Muqaffa anamasulira m'Chiarabu buku la Kalila wa Dimna, momwe nkhandwe ziwiri ndi mkango zimaphunzitsa mafumu za alangizi achinyengo. Ku Andalusia, Ibn Tufayl, yemwe anamwalira mu 1185, anapeka nkhani ya Hayy ibn Yaqzan, mwana wokula yekha pachilumba akuyamwitsidwa ndi mbawala, amene poyang'ana zolengedwa anafika pozindikira Mlengi. Anthu amenewa sanali onama. Anaona kuti choonadi china chimalowa mumtima mosavuta chikavala nkhani.

Komabe mantha a bambo uja ali ndi maziko. Omasulira Qur'an, pofotokoza ndime ya 6 ya Sura Luqman, amatchula al-Nadr ibn al-Harith, munthu wa ku Makka amene ankabweretsa nthano za ku Persia za Rustam ndi Isfandiyar kuti anthu asiye kumvetsera uthenga. Cholakwa chake chinali pa ntchito imene anaipatsa nthanozo: kudzaza makutu a anthu kuti pasakhale malo a china chilichonse. Choncho funso loyenera kufunsa pa nkhani iliyonse ndi lakuti ikumutengera kuti wowerenga, ndipo ikumusiya ali munthu wotani.

Apa ndi pamene nkhani ya kutchuka ikubwera. Tisafulumire kunyoza zimene ana athu akuwerenga, pakuti nafenso tili ndi mbiri yathu. Ambiri a ife tili anyamata tinkabwerekana timabuku ta Pacesetters ndi ta James Hadley Chase mpaka zikuto zitathothoka, ndipo tinaphunziramo Chingerezi chochuluka. Nkhani za pa foni za lerozi nazonso zili ndi ubwino wake. Zalembedwa m'Chichewa chimene achinyamata amayankhula, zimafika ku Mtakataka tsiku lomwelo zafika ku Blantyre, ndipo zachititsa mwana amene sakanagwira buku kuwerenga kwa ola lathunthu popanda womukakamiza. Aphunzitsi timadziwa kuti zimenezi si zapafupi.

Vuto lili m'kapangidwe kake. Wolemba nkhani ya pa Facebook amadziwa usiku womwewo kuti ndi anthu angati aikonda ndiponso anenapo zotani. Gawo limene munali ndewu, chigololo kapena ufiti likakopa anthu ambiri, mawa lake awonjezera zomwezo. Gawo lililonse liyenera kuthera pamalo opachika mtima, apo ayi owerenga sabweranso. Motero wolembayo amasiya kutsata zimene munthu weniweni akanachita, n'kumatsata zimene zisunge khamu. Ndiye chifukwa chake m'nkhani zambiri zotere apongozi amakhala afiti nthawi zonse, mayi wopeza amakhala wankhanza nthawi zonse, ndipo mtsikana wosauka amapulumutsidwa ndi mwamuna wa galimoto. Mwana amene wamwa zimenezi usiku uliwonse kwa zaka ziwiri amayamba kuona abale ake ndi maso omwewo. Palibe chiganizo chimodzi chomwe chamunamiza, koma chithunzi chonse cha moyo chimene wapatsidwa n'chokhota. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Kutchuka kumatiuza kuchuluka kwa anthu amene anafika. Sikutiuza chimene ananyamula pobwerera. Pamsika wa Golomoti anthu amaunjikana pomwe pali mkangano kuposa pomwe akugulitsa mbewu, koma chakudya cha chaka chamawa chili pa mbewupo.

Nanga mbewuyo ili kuti? Tili nawo mabuku a kwathu kuno amene sitikuwapatsa ulemu wake. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, analemba Nthondo, lomwe linasindikizidwa mu 1933 litapambana mpikisano wa mabuku a m'zinenero za mu Africa. Chaka chotsatira T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Bukuli limatsata munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka kumwalira: mwana wovuta ndi wakuba, mnyamata wopita kukafuna ntchito kutali, kenako munthu wosinthika amene akhala mfumu ya mudzi. Ana athu a sekondale amalidziwa, koma amalidziwa ngati mdani wa pa mayeso. Amaloweza mayina ndi mfundo, mayeso akatha n'kuliiwala. Ndi ochepa amene anauzidwapo kuti nkhani ya mnyamata wosiya mudzi kukasaka ndalama kummwera ndi nkhani ya achimwene awo omwe ali ku Joni lero.

John Gwengwe anatulutsa Kukula ndi Mwambo mu 1965, buku losonyeza mmene mwana ankaleredwera ndi kulangizidwa pakati pa Achewa. M'zaka za m'ma 1980, Willie Zingani ndi Jolly Max Ntaba analemba nkhani zazitali m'Chichewa zomwe zinkatuluka kudzera m'makampani monga Popular Publications ndi Dzuka; amenewa anali otchuka a nthawi yawo, ndipo lero wachinyamata wowadziwa ndi wosowa. Kwa owerenga Chingerezi, James Ng'ombe analemba Sugarcane with Salt mu 1989, nkhani ya dokotala wobwerera kuchokera ku England n'kupeza banja la kwawo litasweka.

Pali buku linanso limene likutikhudza kwambiri ife a m'mphepete mwa nyanja, ngakhale silopeka. Mu 1919 ku Zomba kunasindikizidwa Chiikala cha Wayao, lolembedwa m'Chiyao ndi Yohanna Abdallah, ndi kumasuliridwa m'Chingerezi ndi Meredith Sanderson. Limafotokoza za chiyambi cha Ayao, maulendo awo amalonda opita ku gombe la nyanja yamchere, ndi mafumu monga Mataka ndi Makanjila. Ndi mabanja angati achiyao kuyambira ku Chipoka mpaka ku Mangochi amene analigwirapo m'manja? Ana athu akhoza kutchula osewera onse a timu ya mpira ya ku England, koma sadziwa kuti mbiri ya makolo awo inalembedwa m'chinenero chawo zaka zoposa 100 zapitazo.

Wina atitsutsa kuti Ntara anali wa mishoni ndipo Nthondo amathera m'Chikhristu, komanso Abdallah anali wansembe wa Anglican. Zimenezo n'zoona, ndipo sitiyenera kuzibisa kwa ana. Tiwauze kuti wolemba aliyense amaima penapake poyang'ana dziko, n'kuwaphunzitsa kufunsa kuti uyu waima pati, waona chiyani molondola, ndipo wasiya chiyani. Mwana amene waphunzira kuwerenga motero pa buku la Ntara, ali ndi bambo kapena mayi ake pambali, ndiye amene adzathe kusefa zimene foni ikumupatsa ali yekha usiku. Tikakhala kuno kwa Kachindamoto, Angoni, Achewa ndi Ayao timagula pamsika umodzi ndipo timayenderana pamaliro. Ku Mua kuli mishoni yomwe inayamba mu 1902, ndipo nyumba yosungiramo za chikhalidwe ya ku Kungoni ili ndi mbali ya Ayao pamodzi ndi ya Achewa ndi Angoni. Kudziwa mmene mnansi wako amaonera moyo sikuchotsa kanthu pa chikhulupiriro chako.

Winanso anena kuti tikukonda zakale chifukwa choti takula. Chenjezo limeneli tililandire. Kuiwalika kwa buku si umboni woti ndi labwino, monganso kutchuka si umboni woti ndi loipa. Alipo mabuku akale otopetsa amene anaiwalika moyenera, ndipo mwina pakati pa achinyamata olemba pa foni lero pali Ntara wa mawa. Muyeso wathu ukhale umodzi pa onse, akale ndi atsopano. Kodi anthu a m'nkhaniyi ali ngati anthu enieni, okhala ndi zabwino ndi zofooka zomwe? Kodi zochita zawo zimabala zipatso zake monga zimakhalira m'moyo? Kodi titamaliza, tikumvetsa bwino mnzathu wina amene kale tinkangomuweruza? Nkhani yokwanitsa zimenezi ndi yoyenera nthawi yathu, kaya yachokera pa foni kapena m'katoni.

Tivomerezenso kuti mwana sangasankhe chimene sanachione. Kuno kulibe sitolo ya mabuku. Wofuna buku ayenera kukwera phiri la Khwekhwerere kupita ku Dedza, kapena kupitirira mpaka ku Lilongwe, pamene nkhani ya pa foni imangofuna bandulo ya ndalama zochepa. Ngati mabuku abwino sakuwerengedwa, mlandu waukulu uli pa ife akuluakulu amene sitinawabweretse pafupi. Mabanja khumi atasonkha, aliyense buku limodzi, n'kuwasunga m'bokosi pa madrasa kapena pa sukulu, mudzi ungakhale ndi poyambira. Amene ali ndi abale ku Lilongwe, ku Zomba kapena ku Blantyre awatume akafufuze kwa ogulitsa mabuku akale m'misika. Ndipo achinyamata athu okonda kulemba tiwalozere nkhani zimene zili pakhomo pawo: msodzi wa usipa amene mwera wamupeza pakati pa nyanja, mayi wodikira mwamuna amene anapita ku Joni, kapena mtsikana wobwerera ku sukulu nthawi imene Mfumu Yaikulu Theresa Kachindamoto inkathetsa maukwati a ana m'dera lino.

Bambo uja tinakumana nayenso patapita sabata. Tinamupempha kuti asalande foniyo, koma amufunse mwanayo kuti awafotokozere nkhani imene akuwerenga, ndipo amvetsere mpaka kumapeto osamudula. Tinamubwerekanso Nthondo wathu wakale, wa zikuto zomata ndi selotepi, kuti mwanayo aziwerengera banja lonse mutu umodzi akatha kuswali Isha. Mwezi wathawu anatiuza kuti nkhani ya pa foni ija akuitsatirabe, koma tsopano amatsutsana nayo. Akuti tsiku lina anadandaula kuti mayi wopeza wa m'nkhaniyo alibe chifukwa chenicheni chochitira nkhanza zonsezo. Bukulo sanatibwezerebe, akuti agogo ake a mwanayo, omwe sadziwa kuwerenga, apempha kuti aliyambirenso.