Sindifola ndi Kamba wa pa Fort Lister

Padangokhala.

Tili tonse.

Panali munthu wina wa m'mudzi wa patsinde pa phiri la Michesi, ku Phalombe, amene anatchona ku Joni zaka zambiri. Dzina lake lobadwa nalo ndi ochepa amene akulikumbukira, poti limene linamukakamira ndi lomwe anadzipatsa yekha ndi pakamwa pake.

Anabwera mu Okutobala wa 2024 kudzamanga chiliza cha amalume ake. Inali nyengo ija mafuta anasowa m'dziko muno, magalimoto akugona pamizere, anyamata a njinga zamoto akugula petulo wa m'zigubu pamtengo woboola m'thumba. Iye anatulukira ndi galimoto imene anthu a kumeneko anali asanaionepo. Inali yaikulu bwino, ya mipando isanu, yotalika miyendo, koma yopanda thanki ndiponso yopanda paipi ya utsi. Inkayendera magetsi okhaokha. Kuchokera ku Johannesburg inabwera itaberekedwa pa thiraki, kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka pa Mwanza, koma zimenezo mwiniwake sankazitchula. Ku Blantyre inayamwa magetsi pa soketi ya mnzake tsiku lathunthu ndi usiku wake, ndipo pamene ankanyamuka, kagalasi ka kutsogolo kwa chiwongolero kanalemba 420 km.

Podutsa pa Limbe anaona mzere wa magalimoto utakhota mpaka kuseri kwa masitolo. Anatsitsa galasi nafuula, "Folani, abale anga! Ine sindifola!" Anabwerezanso mawuwo pa Migowi, pomwe anyamata a njinga anali atakhala pa zigubu zopanda kanthu. Mmene ankaimika galimoto pakhomo pa amayi ake, dzina linali litafika kale.

Mudzi wonse unasonkhana. Ana ankasuzumira kunsi kufuna kuona potulukira utsi. Sindifola analoza kagalasi kaja, kamene tsopano kanalemba 305.

"Mukuona apa? Iyi imandiuza yokha mtunda umene yatsala nawo. Siinama."

Mwa anthu oonererawo munali Tadala, mwana wa mlongo wake, amene anali ndi benchi yotchajira mafoni pamsika. Anali ndi sola imodzi ndi batire imodzi, ndipo moyo wake wonse wa bizinesi unali kuwerengera moto.

"Amalume, kuchoka ku Blantyre kufika kuno sakwana makilomita 100. Nanga 420 yatsika bwanji kufika 305?"

"Ndinathamangako pang'ono. Ndi kutenthaku eyakoni inali yoyatsa."

"Ndiye kuti liwiro limadya, eyakoni imadyanso. Batire yake imalowa mayunitsi angati?"

"Mayunitsi 60."

Tadala anawerenga chamumtima. Mayunitsi 60, omwewa anthu amagula ku ESCOM, nyumba ya mababu ochepa ndi wailesi ingathe nawo mwezi n'kutsalako. Sola yake, dzuwa litawala bwino, sinkakwanitsa ngakhale yunitsi imodzi patsiku. Kuti adzaze galimotoyo akanafunika miyezi iwiri ndi kupitirira, mafoni onse a m'mudzi atazima.

"Pamudzi pano mawaya sanafike," anatero. "Koma pachigayo cha mayi aja kumunsi kwa njira ya ku Fort Lister pali soketi yabwino. Magetsi akakhalapo usiku muzikaisiya pamenepo. Soketi ya m'nyumba imapereka mayunitsi awiri ndi pang'ono pa ola, ndiye ngati makilomita 12. Kuti muone phindu n'kuyambiratu lero."

"Galimoto yanga ikagone pachigayo, pa gaga? Mwana iwe, ku Joni timaimika pa makina, theka la ola basi, batire yatsala pang'ono kudzaza."

"Makina amenewo mwabwera nawo?"

Anthu anaseka. Sindifola sanaseke.

Amayi ake, amene nthawi yonseyi ankasola nandolo pakhonde, anafunsa osadzutsa mutu, "Ndiye nambala imeneyo ndiyo nkhokwe yako?"

"Tingatero, amayi."

"Nkhokwe ikadzaza mu Meyi imakuuza kuti ikufikitsa Malichi. Nayonso siinama. Kungoti siidziwa za maliro, siidziwa za alendo, siidziwa za anankafumbwe."

Tili tonse.

Masiku otsatira galimoto sinapume. Inapita ku Chiringa kukaonetsedwa kwa mnzake wa kusukulu. Inapita ku Chitakale kukagula nsalu yophimbira chiliza, nsalu imene ikanapezeka pa boma pomwepa. Masana dzuwa likaswa mtengo, Sindifola ankakhala m'katimo pansi pa mango, eyakoni ikupuma, iye akuyankha mafoni. Poti inalibe injini yolira, pamsewu inkangotulukira kumbuyo kwa munthu. Tsiku lina inadzidzimutsa anyamata a kabaza atanyamula matumba a makala, mmodzi n'kugwera m'ngalande. Sindifola anangoliza hutala n'kuwasiyira fumbi.

Usiku wa mchezo, kutatsala tsiku limodzi kuti avundukule chiliza, jenereta imene anabwereka inakhala chete, petulo kulibe. Apa ndiye Sindifola anaonetsa chodabwitsa chenicheni, ndipo tisamunamizire, chinali chabwino. Galimoto zina zamtunduwu zimatha kutulutsa magetsi m'malo mongolandira. Analumikiza chingwe, mababu anayaka pabwalo ponse, zokuzira mawu zinalira, firiji yobwereka inayamba kuziziritsa zakumwa, amayi anatereka ketulo yamagetsi kambirimbiri. Makwaya anaimba mpaka tambala woyamba. Aliyense wofuna kutchaja foni anatchaja ulere, moti Tadala usiku umenewo sanagwire ndi tambala yemwe.

Kutacha kagalasi kanalemba 70.

Tsono panali ntchito imodzi yotsala. Achibale a kuchimuna a malemuwo amakhala ku Nkhulambe, kuseri kwa phiri, ndipo chiliza sichikanavundukulidwa iwo palibe. Sindifola anali atawalonjeza kuti asavutike, adzawatenga yekha.

"Amalume, musadzere pa Fort Lister ndi 70," anatero Tadala.

"Kupita ndi kubwera sikukwana 70. Masamu unalephera?"

"Nambalayo imangoyerekeza potengera mmene mwayendera posachedwapa, ndipo mwakhala mukuyenda pachidikha. Chitunda sinachione."

Tadala anakwera nawobe, poti anganga ake anamukodola ndi diso.

Amene sanadutsepo pa Fort Lister adziwe kuti ndi mpata wa pakati pa Michesi ndi phiri lalikulu la Mulanje. Kale pankadutsa ogula akapolo popita nawo kunyanja yamchere, n'chifukwa chake Angerezi anamangapo linga mu 1893. Njira yake ndi yafumbi ndi miyala, ndipo mapiri amenewa sasunga msewu nthawi yaitali. Akuluakulu amakumbukira Napolo wa mu Malichi 1991 amene anasesa Phalombe, ndipo ana omwe anaona zimene namondwe Freddy anachita ku Nkhulambe mu Malichi 2023, miyala yaikulu kuposa nyumba itatsika m'phiri. Galimoto imayenda pamenepo mokwawa, ikulimbana ndi mwala uliwonse.

Popita zinayenda. Anafika ku Nkhulambe kagalasi kakulemba 38, Sindifola n'kumuyang'ana Tadala monyodola. Koma achibale aja sanali atatu monga ankaganizira. Anali asanu ndi mmodzi, ndipo munthu sapita ku chiliza chimanjamanja. Panali thumba la mpunga, thumba la chinangwa chouma, nkhuni, ndi mbuzi yomanga miyendo. Galimoto yolemera kale pafupifupi matani awiri inakhala pansi.

Atayamba kukwera, nambala inayamba kugwa mowirikiza. Pa 38 inafika 29 asanathe mtunda woti munthu n'kutopa nawo wapansi. Kenaka 17. Sindifola anazimitsa eyakoni, anazimitsa wailesi, anasiya kuyankhula. Pa 6 galimoto inalira kamodzi, mphamvu inachepa, ndipo pagalasi panayaka kachithunzi kachikasu.

Mkulu wina amene anakhala kutsogolo atapanikizana ndi Tadala anaweramira pafupi. "Kodi ameneyu si kamba?"

Analidi kamba. Opanga galimoto zambiri zamagetsi anasankha nyama imeneyi kuti izichenjeza woyendetsa kuti batire yafika kumapeto, ndipo galimoto iziyenda pang'onopang'ono kuti isunge kotsalako. Pamalo okwera kwambiri, mpata ukuoneka patsogolo apo, matayala anangozungulira kamodzi n'kuima.

Akuluakulu aja anatsika. Sanakwiye. Anamasula mbuzi miyendo, anasenza mpunga, mmodzi n'kunena kuti, "Bambo, njirayi tinayamba kuyenda inu musanabadwe. Mutipeza." Anauyamba wapansi.

Posakhalitsa kunatulukira anyamata a kabaza akukankha njinga zawo kukwera chitunda. Anali omwe aja a makala. Anaima, anayang'ana galimoto, anayang'anana.

"Achimwene," anatero Sindifola, liwu litatsika, "tathandizeni."

"Timayesa siifuna munthu."

Tadala ndiye anawanyengerera, poti onse ankatchajitsa mafoni kwa iye ndipo awiri anali ndi ngongole. Anagwirizana mtengo umene Sindifola sanautchulepo kwa munthu mpaka lero. Anatsitsa chinangwa ndi nkhuni, anaika mapewa kumbuyo kwa galimoto, iye n'kuponda pang'ono pang'ono monga Tadala ankamuuzira. Ana amene ankatola nkhuni m'mbali mwa njira anapeka nyimbo pomwepo:

Ya amalume, ya amalume,
siimwa petulo, siimwa dizilo,
ikamva ludzu pachitunda
imamwa thukuta la eni dziko.

Anafika pampata kagalasi kakulemba 1.

"Tsopano musaponde chilichonse mwamphamvu," anatero Tadala. "Ingoisiyani itsike yokha, muziigwira pang'ono. Potsika mota imasanduka jenereta, matayala ndiwo amaizunguza, moto n'kumabwerera mu batire."

"Unazidziwira kuti zimenezi?"

"M'buku lake. Lili m'kabokosi umu, likadali m'pulasitiki. Ndinawerenga tsiku lija munkagona pansi pa mango."

Zinachitikadi. Nambala inakwera kufika 3, kenaka 5, kenaka 8. Phiri linabweza zina mwa zimene linatenga, koma silibweza zonse. Pofika kumunsi n'kuyenda pang'ono pachidikha, kamba anayakanso, ndipo malo okhawo amene akanafikako anali pachigayo.

Tili tonse.

Pachigayo panali zii. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa. Amayi oposa khumi anali atakhala pamthunzi, matumba ndi madengu awo atandandalika kuchokera pakhomo mpaka pamsewu. Mwini chigayo anamvetsera pempho la Sindifola mpaka kumapeto.

"Soketi ilipo, bambo. Koma mota yanga ikamalira, magetsi a m'nyumba muno amafooka, ngakhale babu limachita kuphethira. Chotchajira chanucho chizingodula. Mudikire onsewa agaye."

"Mayi, ndikulipirani kawiri. Kumudzi akundidikira, chiliza ndamanga ndine."

"Awanso akuwadikira ana. Chaka chija namondwe Ana anagumula Kapichira, 2022, tinkagaya pakati pa usiku miyezi yambirimbiri, koma palibe anadumphapo mnzake pano. Womaliza ndi mayi awo a dengu lofiira. Inu muli pambuyo pawo."

Tadala anakwera kabaza kupita kumudzi. Sindifola anakhala pa mwala, pambuyo pa dengu lofiira. Chakumasana mphepo inabweretsa nyimbo za kumanda kuchokera kutali. Akuluakulu a ku Nkhulambe anali atafika kalekale, ndipo abusa anali ndi mwambo wina madzulo, sakanadikira. Nsalu ya ku Chitakale anaivundukula ndi mlongo wa Sindifola.

Dzuwa litapendeka Tadala anabwerera ndi nsima ndi nyama ya mbuzi ija m'kontena. Anabweranso ndi chingwe chake chokhuthala, atakana chopyapyala cha pamsika chimene mwini chigayo anatulutsa, chifukwa choterocho chikakoka moto wambiri usiku wonse chimatentha mpaka kusungunuka. Sindifola anayang'ana nsimayo, anayang'ana amayi amene anakhala naye tsiku lonse osadya kanthu, ndipo anaitsegula n'kuiika pakati.

Magetsi anayaka cha m'ma 11 koloko usiku. Chigayo chinalira. Mzere ukasuntha, iye ankanyamula matumba a amayi okalamba kuwasendezera kutsogolo, mpaka malaya ake a ku Joni anayera ndi ufa. Dengu lofiira linagayidwa cha m'ma 1 koloko. Atazimitsa mota, Tadala analumikiza chingwe, kanyali kobiriwira n'kuyamba kuphethira.

Pofika 6 koloko m'mawa mita inali itadya mayunitsi 12, ndipo kagalasi kanalemba 60. Mwini chigayo anawerengera mayunitsi ake pamtengo wake, osaonjeza ngakhale kwacha imodzi. Amayi amene anagona pachigayo poopa mdima anayamba kusenza ufa wawo. Sindifola anatsegula chitseko cha kumbuyo.

"Tadala, ndi anthu awa ndi ufa wawo, kuzungulira midzi yawo mpaka kwathu, tikafika?"

Tadala anafunsa mayi aliyense kumene amakhala, anafunsa ngati kuli chitunda, n'kuwerenga pa zala. "Tikafika. Koma eyakoni ayi."

Tsiku limenelo Sindifola anapita kumanda ndi amayi ake awiriwiri, akuyenda wapansi. Chiliza chinali chokongola, nkhata zamaluwa zitayamba kufota. Anaima pamenepo nthawi yaitali. Pobwerera amayi ake anamufunsa kuti anyamuka liti kubwerera ku Blantyre.

"Ndikafunse kaye kuchigayo," anatero Sindifola. "Akuti Lachiwiri ndi Lachitatu anthu amachepako."