Kodi Nzeru Yosabala Ndalama Ili ndi Phindu?

Anthu ambiri amayesa ubwino wa chinthu ndi phindu limene chibweretsa lero lomwe. Mbiri ya amuna awiri a ku America isonyeza kuti muyeso umenewu ndi woperewera.

M'chaka cha 1931, Karl Jansky anali pa ntchito m'kampani ya lamya ya Bell, ku New Jersey. Akuluakulu anamtuma kuti afufuze phokoso limene linali kusokoneza mau a wailesi ooloka nyanja ya Atlantic. Iye anamanga chipangizo chachikulu chotchera mafunde a wailesi, chozungulira pa magudumu a galimoto. Anapeza kuti phokoso lambiri lichokera ku mphenzi, koma panatsala kaphokoso kena kosaleka. Wina akadakanyoza, iye anakalondola miyezi yambiri, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anaona kuti kamakula pakapita maola 23 ndi mphindi 56, ndiyo nthawi imene nyenyezi zibwerera pamalo pake. Motero m'chaka cha 1933 analengeza kuti kachokera pakati pa Mlalang'amba.

Kampani inaona kuti kaphokosoko sikaononga malonda ake, ndipo inampatsa ntchito zina. N'kovuta kuidzudzula, chifukwa inali nyengo ya umphawi waukulu m'dzikomo, ndipo akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Koma anthu onse akadaganiza chotero, nzeru imeneyi ikadafera pomwepo.

Amene anaitola ndiye Grote Reber, mnyamata wa ku Wheaton, m'dera la Illinois. M'chaka cha 1937 anamanga mbale yachitsulo ya mapazi 31 m'mimba mwake pabwalo la nyumba ya amake, ndi ndalama zakezake. Ankamvetsera usiku, magalimoto osokoneza atachepa, nalawirira ku ntchito yake m'mawa. M'chaka cha 1944 anatulutsa mapu osonyeza kumene mafundewo achokera kuthambo. Lero akatswiri azindikira zinthu zakutali zimene diso silingaone, ndipo muyeso wa mphamvu ya mafundewo autcha dzina la Jansky, amene anamwalira m'chaka cha 1950.

Wamalonda sachimwa posamala chuma chake. Koma mtundu wa anthu usowanso ena olola kutaya tulo ndi ndalama chifukwa cha funso lokha, pakuti palibe adziwa pa tsiku lofesa kuti mbeu iti idzadyetsa adzukulu.