Fodya wako ndi amene ali pamphuno

Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Mwambiwu unachokera kwa anthu ofwenkha fodya. Munthu akatsina fodya wosinja m'kabotolo amapita naye kumphuno, ndipo ngakhale mtunda wake ndi waufupi, mphepo itha kuomba kapena mnzake atha kumugunda chigongono, fodya n'kumwazika. Tanthauzo lake n'lakuti chinthu chimakhala chako pamene chakuthandiza. Chimene akulonjeza, kapena chimene wangochigwira koma sunachigwiritse ntchito, usayambe kuchiwerengera.

Kwa Kabudula mwambiwu sufuna womasulira. Mlimi wa fodya wa bale amafesa nazale dzuwa likuswa mtengo, amawokera mvula ikagwa, amathyola, kusoka, kuyanika m'chigafa, kusankha ndi kudinda mabelo. Mabelo akafika ku okushoni ku Kanengo, mtengo umatchulidwa m'madola, ndipo wailesi imalengeza ndalama zimene dziko lapeza pa fodya chaka chimenecho. Koma pa ndalama ya mlimiyo pamachoka ya galimoto, misonkho, ndi ngongole ya feteleza ngati analima pa kontirakiti. Aganyu nawonso akumudikira pakhomo. Imene yatsala, imene yagula malata, kulipira fizi ndi kudzaza nkhokwe, ndiyo ya pamphuno. Wofuna kudziwa ngati mlimi wa ku Nsaru kapena ku Nambuma wapindula asawerenge mtengo wa ku Kanengo. Afunse zimene zalowa m'nyumba.

Akatswiri a zachuma akhala akulimbana ndi funso lomweli kwa zaka zambiri: kodi kukhutira kwa munthu ndi chinthu chimene wagula tingakuyeze bwanji? Jeremy Bentham wa ku England, amene anamwalira mu 1832, ankakhulupirira kuti chisangalalo ndi zowawa zingathe kuwerengedwa ndi kuwonkhetsedwa. Vuto n'lakuti palibe sikelo yoyezera za mumtima. Mu 1938 Paul Samuelson anabwera ndi njira ina, yakuti tisiye kufunsa za mumtima, tizingoona zimene munthu wasankha ali ndi ndalama m'manja. Akasiya shuga n'kugula mchere, ndiye kuti mcherewo ndi umene wauona wofunika koposa.

Njira imeneyi ndi yanzeru, koma ine sindikhutira nayo yonse. Mayi amene wagula kamulu ka bonya ndi mafuta oyezedwa m'kapepala pamsika wa Namitete sanasankhe chifukwa chakuti ndi zimene mtima wake umafuna. Ndalama ndi imene yamusankhira. Tikalemba kuti anthu a kuno amakonda kugula zinthu pang'onopang'ono, tawanamizira. Amagula choncho chifukwa botolo lathunthu sangalikwanitse, ndipo pomaliza amalipira zambiri kuposa wogula kamodzi.

Ofesi yowerengera anthu ndi zinthu ya National Statistical Office ku Zomba imatsata nzeru ya mwambiwu, ndipo apa ndiyenera kuiyamikira. Pa kafukufuku wake wa m'makomo, poyeza umphawi siidalira ndalama zimene munthu akuti amapeza. Imafunsa zimene banja ladya m'masiku 7 apitawo, kaya zogula, zakumunda kapena zopatsidwa, n'kuziika pa mtengo pamodzi ndi zina zimene lagwiritsa ntchito. Kafukufuku wa 2019/2020 anapeza kuti anthu 50.7 pa 100 alionse m'Malawi ndi osauka. Ofunsawo amafunsanso ngati chakudya cha banjalo chinali chokwanira kapena chopereŵera, ndiponso amamuuza munthu kuti ayerekeze makwerero 6, osaukitsitsa ali pansi, olemera ali pamwamba, anene pamene iye waima. Funso limeneli ena amaliona lachibwana, koma ndi lofunika, pakuti ukali wa fodya amaudziwa ndi mwini mphuno.

Ndalama nayo ndi fodya wapachala. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti. Amene anagulitsa soya kapena mtedza miyezi ya m'mbuyomo n'kusunga ndalama kuti adzagule feteleza mvula ikayandikira, anapeza kuti ndalama yomweyo sikugulanso matumba amene ankawerengera. Palibe amene anamubera, ndalama zake zinali zokwana monga anazisungira, koma zimene akanagula zinali zitachepa.

N'chimodzimodzi ndi zipangizo zaulimi zotsika mtengo, kuyambira makuponi a 2005 mpaka ndondomeko ya AIP imene inayamba mu 2020. Dzina kukhala pa mndandanda si feteleza m'munda. Thumba lofika chimanga chitamasula kale limawerengedwa m'malipoti kuti lafika kwa mlimi, pamene mlimiyo sadzaona kusintha m'nkhokwe. Mitengo yoyambira kugulira mbewu imene unduna wa zamalimidwe umalengeza chaka ndi chaka imamveka bwino pa wailesi, koma mlimi wa ku Mpingu amalandira mtengo wa venda amene wamangirira sikelo pamtengo, ndipo nthawi zina sikeloyo imakhala yobera.

Tisaumve molakwa mwambiwu. Sukutiuza kuti tidye zonse lero, tisasunge mbewu kapena kulowa banki m'khonde. Ukutiletsa kuŵerengera chimene sichinafike, ndi kuvomera kuti tathandizidwa pamene tangolonjezedwa.

Choncho inu a mabungwe ndi a boma amene mumabwera kwa Kabudula ndi mafomu, musamangowerenga matumba amene atuluka m'nyumba zosungiramo katundu. Dzafunseni mwezi wa Febuluwale ngati m'nyumba muli ufa. Nanunso eni mudzi, akakufunsani ngati mwakhutira, musayankhe mwaulemu chabe kuti zonse zili bwino. Nenani tsiku limene feteleza anafika, mtengo umene venda anakupatsani, ndi mwezi umene chimanga chinatha m'nkhokwe.